Ulendo umene simunayende

Kapata,
Chipata.
18 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga a Peggy,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Shepherd ndi kamwana kathu Tamiwe. Musadabwe kuti mlongo wanu Harrison, amene amayankha uthenga wa pafoni patatha masiku atatu, lero wakhala pansi n'kudzaza mapepala. Ndawang'amba pakati pa kope la kusukulu, ndipo ndikamaliza ndiwajambula n'kukutumizirani pafoni, chifukwa ndikadalira positi, kalatayi idzafika ku Perth, ku Australia kwanuko, inu muli kale kuno. Ndayesapo kawiri kunena nkhaniyi ndi pakamwa, koma mukangoyankha ndi mawu anu achimwemwe aja, ine ndimayamba kukamba za nyengo.

Kuno tilipo. Sukulu tatsekera, choncho ndachoka ku Chiparamba ndipo ndili kwa amayi pamodzi ndi Dolika mkazi wanga. Chimanga chaka chino chinapserera m'munda ndi dzuwa, magetsi nawo amabwera ngati mlendo wodutsa. Amayi mawondo akuwavutabe, koma ku chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi sajomba. Chiliza cha atate chatha kumangidwa, ndipo dzina lalembedwa bwino monga munafunira. Abusa avomera tsiku lija la mwezi wamawa lodzavundukula chilizacho. Mukamabwera mudzatengeko mankhwala opaka aja a mawondo, ndi chipewa cha mwana, poti Seputembala wa kuno mukumudziwa.

Asisi, mwandifunsa kangapo chifukwa chake amayi amakuyankhani mwachidule pafoni. Munati chaka chonse chino amangoti "tili bwino, zikomo" ngati akulankhula ndi munthu wa ku boma, ndipo ngakhale mutawaonetsa mdzukulu amaseka ndi mwanayo, inu osakuyang'anani. Ine ndinakuuzani kuti ndi chisoni cha umasiye. Ndinanama. Chifukwa chake ndine, ndipo sindifuna kuti mudzatsike basi ndi mwana kumsana musakudziwa chimene chili m'nyumba muno.

Ndinakuuzani kuti atate anamwalira mwadzidzidzi. Sizinali choncho. Anawatulutsa m'chipatala Lachiwiri, ndipo adokotala ananditengera pambali n'kunena kuti mtima watopa, palibenso chimene angachite, tiwatengere kunyumba ndi kuitana abale. Anamwalira Lachinayi masana. Pakati pamenepo panali masiku awiri athunthu, ndipo m'masiku amenewo anali ndi nzeru zawo zonse, akulankhula, akukonza ngakhale Chingerezi cha anthu obwera kudzawazonda.

Mukumbukira kuti nthawi imeneyo munali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, atakugonekani pabedi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Munandiuza ine ndekha, n'kundilumbiritsa kuti ndisauze amayi kapena atate mpaka mutapulumuka, popeza kawiri konse m'mbuyomo munalengeza msanga, zinthu n'kulakwika. Ndinasunga chinsinsi chanu. Ndiye Lachitatu m'mawa, ndikuwamwetsa tiyi, atate anandiyang'ana ndi maso aja a mphunzitsi wamkulu n'kufunsa ngati ndakuuzani. Mumawadziwa atate, funso lawo silinkalola munthu kukanda m'mutu. Ndinaona inu mutagona uko, ndinaona uthengawo ukukufikani, ndinaona mwana wachitatu akupita. Pakamwa panga panangotuluka mawu akuti, "Ndawauza, akubwera. Anyamuka lero lomwe."

Ndinkaganiza kuti angogwedeza mutu n'kugona. Ndinaiwala kuti munthu amene ndikumunamizayo anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zisanu. Anadzuka n'kutsamira pilo, nafunsa kuti ndege inyamuka nthawi yanji, idzera kuti, ndipo ndi mtunda wautali bwanji. Ndinatuluka ngati ndikupita kukataya tiyi wotsala, ndinaima kuseri kwa nyumba n'kufunsa foni. Inandiuza kuti kuchokera pa bwalo la ndege la Perth kukafika pa la Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 8,300, maola khumi ndi limodzi m'mwamba. Kuchokera pamenepo kufika ku Lusaka ndi makilomita ngati 1,200, maola awiri. Ndinaloweza manambalawo monga mwana woloweza vesi la Sande sukulu, ndinabwerera m'chipinda n'kunena kuti munyamuka 12 koloko masana, nthawi ya kuno.

Atate za pafoni sankazikhulupirira. Anandituma buku lawo lakale la mapu lija, lachikuto chong'ambika, napempha amayi ulusi wa m'chitini chawo chosokera. Anaika nsonga ya ulusi pa Perth, naukoka kuwoloka nyanja yonse mpaka pa Johannesburg, naudula ndi mano, kenaka n'kuuyeza pa kamzere ka m'munsi mwa tsamba. Anawerengera ndi pensulo kuseri kwa khadi la kuchipatala. Anapeza makilomita zikwi zisanu ndi zitatu ndi kanthu, ndipo nditawauza nambala ya pafoni anamwetulira, nati makinawo ayesetsa. Anandifunsa liwiro la ndege, nagawa, napeza maola khumi ndi pang'ono. Ola lotsalalo anati ndi la kukwera ndi kutsika. Ine mphunzitsi wa jogalafe, amene ndimakalipira ana akalephera kuyeza mtunda pa mapu, ndinakhala pamenepo n'kumawagwirira buku kuti ayeze bwino bodza langa.

Amayi anatulutsa batani loyera m'chitini chomwecho, ndipo batani limenelo linasanduka inu. Pa 12 koloko atate analiika pa Perth. Ola lililonse akayang'ana wotchi yawo ankalisuntha pang'ono ndi chala. Anthu a ku tchalitchi akabwera kudzapemphera, asanakhale n'komwe ankayamba awaonetsa pamene mwafika. Ankawauza monyadira kuti mwana wawo ali pamwamba pa madzi okhaokha, kopanda ngakhale mtengo woti mbalame n'kuterapo, koma akubwera.

Pali chinthu chimodzi chimene chinawakwiyitsa. Atamva kuti mutsikira ku Lusaka anamenya bulangeti ndi dzanja. Anati, "Lusaka akukatani? Mwana ameneyu wakulira kuno koma sadziwa njira? Akanatsikira ku Lilongwe, n'kudzera pa boda ya Mwami, maola atatu okha ali m'nyumba muno." Ndinayankha kuti ndege ya ku Lilongwe inali yodzaza. Asisi, apa ndi pamene dzanja langa likulemera. Njira ya ku Lilongwe ndinkaidziwa bwino. Ndinasankha Lusaka dala, chifukwa basi yochokera ku Lusaka imadya maola asanu ndi atatu, ndipo ndinakugonekaninso pa Johannesburg kudikira ndege ya m'mawa. Ndinkadziuza kuti ndikugula nthawi yoti atate apezeko bwino, kenaka ndidzawauze zoona. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa zimene adokotala ananena. Ndinkafuna kuti msewu wanu utalike kuposa masiku awo, kuti ndisagwidwe. Chimenechi sindinauzepo munthu, ngakhale Dolika.

Cha m'ma 2 koloko tsiku lomwelo anandipempha kuti ndikuimbireni, angomva mawu anu. Ndinawauza kuti m'ndege mafoni amazimitsa. Anavomera, nati n'zoona, malamulo ndi malamulo. Pasanathe mphindi khumi foni yanga inanjenjemera m'thumba. Munali inu, muli pabedi panu, mukufunsa kuti atate ali bwanji popeza munamva kuti anali ku chipatala. Ndinayankha ndili pampando womwewo, bondo langa likukhudza bedi lawo. Ndinalemba kuti ali bwinoko, akupumula. Mukayang'ana m'foni mwanu uthengawo muupeza, uli ndi tsiku ndi nthawi yake.

Ichi ndicho chimandidya kwambiri. Kubwera simukanatha, madokotala sakanakulolani, ndipo pamenepo ndilibe mlandu. Koma kulankhula mukanalankhula. Ndikanangowauza atate kuti muli ndi pakati ndipo mwagonekedwa, akanamvetsa, akanasangalala, mwina akanatchulanso dzina la mwanayo. Mukanatsanzikana pafoni. Ine pokukwezani ndege imene kunalibe, ndinakutsekani pakamwa masiku awiri. Mtunda umene atate ankayeza ndi ulusi sunali vuto konse. Amene anaima pakati pa inu ndi iwo ndine, ndili ndi foni m'thumba.

Amayi nawo anagwira ntchito yolandira mlendo. Anasesa chipinda chanu chakale, anachapa makatani, anakabwereka matiresi kwa anansi. Anasinja mtedza woti atendere mfutso umene mumaukonda, ndipo tambala wamkulu anamumanga mwendo pa mtengo wa mango. Dolika ankandiyang'ana modabwa chifukwa sanandionepo ndikulankhula nanu za ulendowu, koma sanafunse. Akanafunsa mwina ndikanagonja. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma ine ndinaliika pamutu ndekha, ndikudziona ngati wanzeru.

Lachinayi kutacha atate anafunsa ngati mwanyamuka pa Johannesburg. Ndinati inde. Anapempha kuti ndiwamete ndevu ndi kuwaveka malaya oyera aja a ku tchalitchi, nati mwana wochokera kutali asawapeze ngati munthu wodwala. Pa 9 koloko ndinakutsitsani ku Lusaka. Anafunanso kukuimbirani, ndipo ndinati layini ya ku Australia sigwira kuno. Pa 10 koloko ndinakukwezani basi. Apa mapu sanafunikenso, chifukwa msewu umenewu atate ankaudziwa ngati chikhatho chawo. Ankatchula okha malo, maso ali chitsinzire. Anati tsopano mwadutsa Chongwe. Patapita nthawi anati mwayamba mapiri, ndipo anadandaula kuti oyendetsa basi a masiku ano amathamanga pa makona. Atafika pa mlatho wa Luangwa anati mutsika kuwongola miyendo, ndipo amayi anaseka n'kunena kuti nsomba zouma za pamenepo simungazisiye.

Mpweya unayamba kuwavuta dzuwa litapendeka. Amayi anawagwira dzanja, Dolika anayamba nyimbo chapansipansi. Cha m'ma 3 koloko anatsegula maso n'kundifunsa kuti muli pati. Ndinayang'ana wotchi yawo, ndinawerengera monga anandiphunzitsira, n'kunena kuti muli pa Nyimba. Anati ndiye kuti mukugula nthochi. Analankhulanso pang'ono, kenaka anagona, ndipo sanadzukenso.

Madzulo anthu atayamba kusonkhana, amayi anandituma kuti ndipite ku siteshoni kukakulandirani, kuti musamve kulira muli panjira. Ndinapitadi, asisi. Ndinakaima pa siteshoni ngati chitsiru, n'kumaona anthu akutsika basi ya ku Lusaka ndi katundu wawo mpaka womaliza. Ndili pomwepo ndinaimbira alamu a Shepherd n'kuwauza kuti atate atisiya mwadzidzidzi, akuuzeni mosamala. Pobwerera kunyumba ndinali ndi mpata wonena zoona, koma nyumba inali yodzaza, ndipo pa chinsinsi chanu ndinali ndisanamasulidwe. Kunena moona, ndinkaopanso nkhope ya amayi. Ndinawaitanira kuchipinda n'kuwauza kuti simunanyamuke n'komwe, kuntchito anakukanizani tchuthi, ndipo za ndegezo ndinkangowatonthoza atate. Bodza loyamba ndinalivomera theka, n'kuliphimba ndi lachiwiri.

Amayi sanalire mokweza. Anangofunsa kuti, "Ndiye iye ankadziwa kuti atate ake akupita, osaimba ngakhale foni?" Ine ndinangoti chete, ndipo kukhala chete kumeneko anakutenga ngati yankho. Anatuluka, anamasula tambala uja n'kumupereka kwa ophika za pamaliro. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso nkhaniyi kwa ine kapena kwa inu. Mukudziwa mmene anakulira ku mishoni, mkwiyo wawo sutuluka pakamwa, amaupinda bwinobwino n'kuusunga. Tamiwe atabadwa mu Disembala ndinaganiza kuti awerengera miyezi n'kuzindikira okha chimene chinakulepheretsani. Anawerengeradi, koma anauza Dolika kuti pakati sipaletsa munthu kugwira foni.

Ndipo taonani kupusa kwanga. Ndinkaopa kuti uthenga wa matenda ukuvulazani, koma patangotha tsiku limodzi munalandira wa maliro, umene ndi wolemera kuposa, ndipo Mulungu anakusungani inu ndi mwana yemwe. Ndinakuyesani wofooka, inu amene munandibereka kumsana popita ku sukulu ya mkaka, inu amene mumagwira manja a anthu akumwalira kuntchito kwanu sabata ndi sabata. Ndinakusankhirani chimene mungathe kupirira popanda kukufunsani. Chaka chonsechi mwakhala mukundithokoza kuti ndinasamalira atate, mukunditumizira nsapato, mukunditchula mzati wa banja, ndipo ine ndakhala ndikulandira.

Mlandu suwola. Sabata yatha amayi anayamba kukonzanso chipinda chanu, ndipo ndinawamva akuuza Dolika kuti mlendo wa ku Australia aikiridwe madzi akeake akumwa. Anakutchulani mlendo. Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinaona kuti ndikapitiriza kukhala chete, mudzaima pa manda a atate inu mbali iyi, amayi mbali iyo, aliyense akudabwa mnzake, wolakwa ali pakati atavala suti n'kumawerenga mbiri ya malemu.

Choncho dzulo masana ndinawauza. Anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pansi, osati pampando, n'kufotokoza zonse monga ndalembera muno, kupatula za njira ya ku Lilongwe, zimene ndinalephera kuzitulutsa. Nditamaliza anapitiriza kusankha nyembazo kwa nthawi yaitali, koma ndinaona kuti zabwino ndi zofumbwa akuziponya mbali imodzi. Kenaka anati, "Harrison, wandidanitsa ndi mwana wanga chaka chathunthu, iye ali pabedi yekha kudziko la eni. Ine mayi wake ndinali kuno n'kumamuweruza." Atatero analira, kulira kumene sanalire tsiku la maliro. Ndinafuna kuwagwira phewa koma anachotsa dzanja langa. Mpaka pano sanandilankhule. Chakudya changa akupatsira Dolika, ndipo lero ku tchalitchi anakhala benchi lina. Sindikudandaula, ndi malipiro anga.

Pali katundu wanu wina amene ndakhala naye chaka chonse, chifukwa sindikanatha kumupereka popanda kudziulula. Atate atanena za nthochi zija, anandikodola kuti ndiwerame. Amayi sanamve bwino, poti mawu anali atachepa. Anati, "Basi imeneyi sindiidikira. Akafika Peggy, umpatse madzi asambe, adye kaye, usamuthamangitsire kuno. Ndipo umuuze kuti iye sanachedwe, ndafulumira ndine." Amenewa ndiwo mawu awo omaliza, ndipo anali anu. Anapita akukhulupirira kuti mwawoloka nyanja chifukwa cha iwo, ndipo nkhope yawo inali ya munthu wokhutira. Nthawi zina ndimadzitonthoza nazo zimenezi, koma ndikudziwa kuti chimwemwe chimenecho ndinachigula ndi chinthu chanu, osati changa.

Sindikupemphani kuti mundikhululukire msanga. Madzi akatayika saoleka, ndipo mawu a atate sindingawabwezere m'khutu mwanu. Ngati mufuna kuti pa tsiku la chiliza ndisayankhule, kapena kuti ku siteshoni adzakulandireni Dolika m'malo mwa ine, mungonena, ndidzachita. Chimene ndikupempha n'chakuti musasinthe ulendowu chifukwa cha ine. Bwerani kwa amayi. Ndipo mudzatsikire ku Lilongwe, ndiko kufupi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Shepherd, muwauze kuti nawonso ndinawanamiza ndipo ndidzawapepesa pamaso. Tamiwe mumupsompsone pachipumi, ngati mukuonabe kuti malume ake ndi oyenera kutumiza moni. Dolika akupereka moni, ndipo akuti iye sankadziwa kanthu, zimene ndi zoona. Abusa ndi amayi a chigwirizano akuti akudikirani.

Moni wa amayi sindinapatsidwe kuti ndilembe. Anauza Dolika kuti moni wawo sudzeranso mwa ine, apereka okha. Dzulo lomwelo ankafuna kukuimbirani, koma ndinapempha kudzera mwa Dolika kuti adikire kufikira mutawerenga kalatayi, kuti mumve kwa wolakwa mwini wake. Avomera kudikira lero lokha. Chibwerere ku tchalitchi sanavule n'komwe zovala, akhala pakhonde foni ili pamwendo, ndipo afunsa Dolika kawiri kuti kwanuko ndi nthawi yanji. Mukafika pa mzere uno musayankhe ine. Imbirani iwo.

Ndine mlongo wanu wolakwa,

Harrison